Njere za Mtengo Waufupi: Lipoti la Zaka 7 za Maapozi a Bambo Wina

Ndimagwira ntchito m'nazale ya mitengo ya zipatso, ndipo nkhani iyi yanditengera zaka 7 kuti ndione pothera pake. Ndaganiza zoilemba chifukwa funso limene inayambira, loti kodi mtengo waufupi wa apozi ungachokere ku njere, ndimalimvabe chaka ndi chaka, komanso chifukwa m'kati mwake ndinalakwitsa zinthu ziwiri zimene mnzanga wa ntchito yangayi angazilambalale atawerenga.

Pempho lawo

M'mawa wina kunabwera bambo wachikulire, wopuma pa ntchito, atanyamula envelopu yodzaza njere za maapozi. Anati akhala akuzitola kwa miyezi iwiri m'zipatso za mtengo umodzi wa pakhomo pa mwana wawo wamkazi. Mtengowo unali utatha zaka 8 koma nsonga yake munthu ankaikhudza akangotambasula mkono, ndipo chaka chilichonse unkabereka mpaka nthambi kufuna kugwira pansi. Iwo mawondo anali atayamba kukana, makwerero sankafunanso n'kuwayang'ana komwe.

"Achimwene," anatero akundipatsira envelopuyo, "mundifesere izi. Ndikufuna mitengo 30 yotengera make, yoti ndizithyola ndili chiimire. Ikachuluka, inayo muzimezanitsirapo mitundu ina, nanunso mupindule."

Maganizo awowa sanali achibwana ayi. Masinde amene timamezanitsirapo mango, mapeyala, mapichesi ndi malalanje timawafesadi kuchokera ku njere, ndipo mitundu yambiri ya mandimu ndi malalanje imatulutsa mbande zofanana ndendende ndi mtengo umene njere zachokera. Munthu amene waona zimenezi sangalakwe kuganiza kuti apozi nayenso achita chimodzimodzi. Ndinawauza kuti sindifesa kanthu ndisanauone mtengowo ndi maso anga.

Zimene ndinapeza pamtengo

Nditafika sindinayang'ane m'mwamba, ndinagwada. Masentimita ngati 15 kuchokera padothi panali chotupa chonga bondo, ndipo pansi pa chotupacho khungwa linali la mtundu wina. Nditapalasa udzu ndinapeza kachitsulo ka kunazale, waya wake utamira m'khungwa, zilembo zikuonekabe: Anna, kenako M9. Kumbali kunali mphukira zitatu zotuluka pansi pa bondo lija, masamba ake osiyana ndi a m'mwamba. Mwana wawo anati amazidula chaka chilichonse koma sizimva.

Ndinawagwiritsa bamboyo chotupacho. "Bambo, apa pali mitengo iwiri. Wa pamwambawu ndi Anna, ndiwo umabereka. Wa pansiwu ndi M9, ndiwo wauletsa Anna kutalika. Njere mwabweretsazi ndi za wa pamwamba. Wa pansi sanaikemo kalikonse."

Mfundo imeneyi ndiyo fupa la nkhani yonse, choncho ndiitambasule. Tsinde la pansi limatumiza madzi ndi michere kumtunda, limalamulira mphamvu ya kakulidwe, ndipo limachititsa mtengo kuyamba kubereka msanga. Koma duwa limaphuka panthambi ya Anna, ndipo dzira limene lili m'duwamo ndi la Anna. Theka lina la njere limachokera ku mungu umene njuchi yabweretsa. Maapozi ambiri salandira mungu wa mtundu wawo womwe, amafuna wa mtundu wina, ndipo kuseri kwa mpanda wa pakhomopo kunalidi mtengo wa Dorsett Golden, umene anthu amaubzala pafupi ndi Anna chifukwa yonse iwiri imachita maluwa nthawi imodzi ndipo siifuna kuzizira kwambiri. Ndiye kuti njere zambiri za m'envelopu muja mayi wake anali Anna, bambo wake Dorsett Golden, mitengo iwiri imene ikakhala pamizu yakeyake imakula ndithu.

Pamwamba pa apo, njere za apozi sizifanana ngakhale zitachokera m'chipatso chimodzi. Chipatso chili ndi zipinda 5, chilichonse chimatha kusunga njere ziwiri, ndipo njere iliyonse ndi mtengo watsopano umene sunakhaleko padziko. Bamboyo anali atamva kuti apozi wotchuka wa Granny Smith anangomera yekha kwa mayi Maria Ann Smith ku Australia cha m'ma 1868, ndiponso kuti apozi wa Bramley anachokera ku njere imene kamtsikana kanabzala ku Southwell ku England mu 1809. Zonsezi n'zoona. Chimene sichinenedwa n'chakuti timayadziwa maina awiriwa chifukwa anali amwayi pakati pa mitengo yosawerengeka ya tizipatso ting'onoting'ono towawasa, imene eni ake anaidula n'kuiwala.

Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Ndamva. Komabe mufese. Ndikufuna ndidzaone ndekha."

Sindinawakanize. Kunena zoona nanenso ndinali ndi kachidwi kanga. Tinagwirizana kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi: kufesa njere zawo zija, kuzula mphukira za M9 zija n'kuzichulukitsa pozikwirira, ndiponso kusiya M9 mmodzi akule mpaka achite maluwa kuti tidzafese njere za tsinde lenilenilo. Chachitatuchi ndine ndinachiwonjezera.

Kumeretsa njere

Njere ya apozi imagona tulo. Ukaifesa itangochoka m'chipatso, kawirikawiri siimera, ndipo ikamera imatulutsa kambande kokwinimbira, masamba ataunjikana pamodzi, kosafuna kukwera. Imafunika ikhale pozizira ndi ponyowa kwa masiku 60 mpaka 90, kuzizira kwake kwa madigiri 1 mpaka 5, kosafika poundana. Kumene kumagwa chisanu chenicheni nthaka imagwira yokha ntchito imeneyi. Kwina konse timadalira firiji.

Ndinataya njere zopyapyala ndi zotuwa, n'kutsala ndi zonenepa zofiirira zoposa pang'ono 100. Popeza zinali zitauma kwa miyezi iwiri, ndinaziviika m'madzi usiku ndi usana umodzi. Theka ndinazikulunga m'mapepala onyowa, theka ndinazisakaniza ndi mchenga wotsuka wonyowa pang'ono, zonse m'timapulasitiki tobowola. Za m'mapepala zinandivuta. Pofika sabata yachitatu pepala linali litachita nkhungu yakuda, ndipo nditazitsuka ndinapeza zina zafewa, zikununkha. Za mumchenga sizinachite kanthu. Kuyambira pamenepo pepala ndinasiyana nalo. Mchenga wake uzikhala woti ukaufinya m'dzanja ugwirane koma osadontha.

Sabata yachisanu ndi chimodzi isanathe, njere zina zinali zitayamba kutulutsa timizu toyera m'firiji momwemo. Sizinandidabwitse, chifukwa njere za mitundu yosafuna kuzizira kwambiri zimadzukanso msanga. Amene amadikira tsiku la 90 osatsegula kapulasitiki amapeza mizu itatalika n'kupiringizana, ndipo muzu wotere umathyoka poubzala. Ndinkayang'ana kawiri pa sabata, iliyonse yotulutsa muzu ndinkaiika m'chubu chake, sentimita imodzi pansi pa dothi, muzu utaloza pansi.

Usiku umodzi mbewa zinafukula machubu a mzere wonse wa m'mphepete n'kusiya makoko okhaokha. Zina zinagwa ndi matenda aja a mbande zanthete, oti kamtengo kamaonda pamalire a dothi n'kugona, chifukwa ndinkathirira madzulo pamalo posapita mphepo. Pamapeto pake ndinalera mbande 60.

Kulakwitsa kwanga koyamba

Chaka choyamba chikutha, mbande zija zinali ngati ana a nyumba zosiyanasiyana. Zina zinadutsa mita, zonenepa ngati pensulo. Zina zinali ndi timinga, zina masamba aang'ono, ndipo khumi ndi ziwiri zinangotsalira m'bondo. Bamboyo ataziona zazifupizo nkhope inawala.

"Si izi nanga? Zotengera make ndi zimenezi."

Ndinkadziwa kuti si zoona, koma ndinadzinyenga kuti mwina mwa khumi ndi ziwirizo mupezeka imodzi yofupikitsa. Ndinaziika padera, ndinazisamala kuposa zinzake, ndipo chaka chachiwiri ndinamezanitsapo maso a Anna limodzi ndi zazikulu zija. Njira yanga ndi yosema kachidutswa ka khungwa ndi kamtengo pang'ono kali ndi diso limodzi, n'kukalowetsa pamalo osemedwa mofanana patsinde, mbali zobiriwira za kunsi kwa khungwa zitakumana, kenako kumanga ndi pulasitiki.

Zotsatira zake zinandichititsa manyazi. Pa zazifupi zija, zinayi sizinagwire n'komwe, khungwa lake linali louma ngati la mtengo wokalamba. Zitatu zinagwira koma zinafota chaka chotsatira, ndipo nditazizula ndinapeza mizu yopindika, yochepa, ina itadyedwa. Zotsalazo, zitangopeza dothi labwino kumunda, zinadzuka n'kuthamangira zinzake, moti pofika chaka chachinayi sukanazisiyanitsa ndi zazikulu zija.

Mbande yaifupi ndi tsinde lofupikitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mbande imatha kufupika chifukwa chodwala, chifukwa muzu unapindika m'chubu, kapena chifukwa njere sinazizire mokwanira. Tsinde lofupikitsa ndi lathanzi, limangokhala ndi chibadwa chochepetsa kukula kwa mtengo umene wamezanitsidwa pamwamba pake n'kuukankhira ku maluwa. Chibadwa chimenechi suchiona poyang'ana mbande m'nazale. Umachiona pamtengo wa pamwambawo, patapita zaka. Ndinataya nyengo ziwiri ndikulera odwala.

Mitengo ya Anna ya pamasinde a njere ija inakula mosiyanasiyana, koma yonse inali yaikulu. Chaka chachisanu yambiri inali itadutsa mamita atatu ndipo inali isanaganize zoima. Yoyamba kubereka inabereka chaka chachinayi chimezanitsireni, tizipatso towerengeka. Mbande zitatu zimene tinazisiya zosamezanitsa, kuti bamboyo adzalawe mwayi wawo, ziwiri zachita maluwa chaka chino chachisanu ndi chiwiri. Apozi wa pamizu yake amatha zaka 6 mpaka 10 asanabereke, ndiye zimenezi zili m'malire ake.

Ndisawanyoze masinde a njere. Mizu yake imalowa pansi, mtengo umaima wokha popanda mzati, umapirira chilala, umakhala zaka zambiri, ndipo mavairasi ambiri a maapozi sadutsira m'njere. Kumaiko ozizira kwambiri amafesa dala njere za Antonovka, apozi wa ku Russia, chifukwa mbande zake zimafananako ndipo sizifa ndi chisanu. Koma mtengo wa pa Antonovka ndi chimtengo, wofuna makwerero aja bamboyo ankathawa.

Mphukira zitatu zija

Ntchito yeniyeni inagwirika ndi mphukira zimene mwana wawo ankalimbana nazo. Nyengo yozizira, mtengo utayoyola masamba, ndinafukula mosamala n'kudula mphukira zitatu za pansi pa bondo, iliyonse ndi timizu take. Muzu wina unathyoka m'manja mwanga kuti phwa, ngati choko. Ndinawaonetsa bamboyo pothyokapo: khungwa lochindikala kuzungulira, kamtengo ka pakati kochepa. Akatswiri a ku East Malling, malo ofufuzira za zipatso ku England, anaona kalekale kuti masinde ofupikitsa amakhala ndi khungwa lambiri m'mizu poyerekeza ndi mtengo wa m'kati. Kuphwanyika komweku ndiko kumachititsa kuti mtengo wa pa M9 uzifuna mzati moyo wake wonse.

Ndinazibzala pamzere, n'kuzisiya chaka chathunthu osazikhudza kuti zikhazikike. Nyengo yozizira yotsatira ndinazidula zonse, kutsala tizitsa ta masentimita awiri kapena atatu. Bamboyo anagwira mutu. Kutayamba kufunda, chitsa chilichonse chinatulutsa mphukira zingapo. Zitafika masentimita 10 mpaka 15 ndinazikwirira mpaka theka ndi utuchi wakale wosakaniza ndi dothi, ndikulowetsa ndi zala pakati pa mphukira kuti pasatsale mphako. Zikakwera ndinkawonjezera, katatu konse, mpaka mulu unafika masentimita ngati 25. Mulu suyenera kuuma ngakhale kamodzi. Mbali ya mphukira imene ili mumdima ndi m'chinyezi ndiyo imatulutsa mizu.

Masamba atagwanso ndinafumula muluwo ndi manja. Utuchi unkagwa wokha, ndipo m'munsi mwa mphukira munali ndevu za mizu yoyera. Ndinkadula iliyonse pafupi ndi chitsa, chitsacho n'kuchisiya poyera kuti chidzaphukenso. Kukolola koyamba ndinapeza 7 zamizu yabwino, zina zinalibe mizu yokwanira, chifukwa M9 si wofulumira kutulutsa mizu ngati masinde ena. Zinayi ndinazibwezera pamzere kuti zikhale zitsa zatsopano. Bamboyo ankafuna ndimezanitse zonse, ndipo apa pokha ndi pamene tinasemphana mawu pang'ono. Chaka chachinayi ndi chachisanu zitsazo zinatipatsa masinde okwanira mitengo 30 ija.

Masinde amenewa si ana a M9. Ndi M9 yemweyo, thupi limodzi logawidwa. N'chifukwa chake mitengo yake imafanana msinkhu ngati yodulidwa ndi chingwe, pamene ya njere ija uliwonse unkayenda njira yake.

Mavuto analipo. M9 sapirira nsabwe zaubweya, zija zimaoneka ngati thonje pamabala a khungwa ndipo zimalowa mpaka kumizu n'kuchititsa zotupa. Zinatigwira chaka chachitatu pamulu umodzi, ndipo ndinazula chitsa chonsecho n'kuchiotcha. Kumene nsabwezi zachuluka, masinde a MM106 ndi MM111 ndi abwinopo, popeza anapangidwa dala kuti azipirira nsabwezi pogwiritsa ntchito apozi wa Northern Spy, pa ntchito ya East Malling mogwirizana ndi malo ena ofufuzira a John Innes ku Merton. Koma MM106 ndi wapakatikati, mtengo wake umafika mamita anayi, ndipo padothi losunga madzi amawola m'khosi. Palinso chenjezo limene ndinawauza bamboyo poyamba pomwe: mphukira yotengedwa pamtengo wakale imabwera ndi matenda alionse obisika amene mtengowo uli nawo. Pa munda wa munthu mmodzi ndinavomera. Pa masinde ogulitsa kwa anthu ndikanayamba ndi zitsa zoyezedwa.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri

Gulu loyamba la Anna pa M9 tinalibzala kumunda kwawo patsiku lamphepo. Poona mmene timitengoto tinkagwedezekera, ndinauza anyamata kuti akumbe mozamirapo ndi kukokera dothi m'tsinde. Mizati inali isanabwere. Ndinati tidzakonza, ndipo sitinakonze.

Patapita zaka ziwiri, mitengo itatu ya pamzerewo inayamba kuthawa inzake. Nthambi zazitali zoongoka, masamba aakulu, maluwa ochepa. Bamboyo ankainyadira, amvekere, "Iyi ndiye yakondwa." Nditafukula ndinapeza bondo lija lili pansi pa dothi, ndipo Anna anali atatulutsa mizu yakeyake pamwamba pa pomezanitsira. Zikatero M9 amangokhala mlendo, mtengo ukudya kudzera m'mizu ya Anna ndipo ufupi wonse watha. Iwiri ndinaipulumutsa podula mizu yatsopanoyo ndi kuchotsa dothi. Wachitatu mizu inali itanenepa kale, ndinauleka. Uli pomwepo mpaka lero, wautali kuposa mzere wonse, ndipo aliyense wobwera kudzaphunzira ndimayamba kumuonetsa umenewo. Pomezanitsira pazikhala masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa dothi, ndipo mzati uzikhomedwa tsiku lobzala lomwelo.

Nanga njere za M9 weniweniyo?

Apa ndi pamene chidwi changa chinali. M9 amene tinamusiya kuti akule anachita maluwa msanga, monga mwa chibadwa chake, ndipo anabereka tizipatso tachikasu tosakoma. Ndinafesa njere zake monga ndinachitira poyamba, n'kupeza mbande 20, ndipo zonse ndinamezanitsapo Anna osasankha yaifupi kapena yaitali. Phunziro lija ndinali nditalimva.

Mitengoyi ikadali yaing'ono, yangotha nyengo ziwiri chimezanitsireni, koma kusiyana kwayamba kuoneka. Ina ikuthamanga ngati ya njere wamba. Ina ili pakati. Inayi kapena isanu ili ndi mfundo zoyandikana ndipo yaonetsa kale maso a maluwa.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ofufuza a ku New Zealand anapeza atakwatitsa M9 ndi mtengo wamphamvu wotchedwa Robusta 5. Apozi ali ndi makromozomu (timizere ta m'maselo tosunga chibadwa) 17 awiriawiri, ndipo anapeza kuti kufupikitsa kwa M9 kumadalira kwambiri malo awiri: Dw1 pa kromozomu 5, ndi Dw2 pa kromozomu 11. M9 sapereka malo amenewa kwa mwana aliyense. Pa lililonse mwayi ndi theka, ndiye kuti mwa ana anayi, mmodzi ndiye angalandire onse awiri. Choncho yankho la funso loti kodi tsinde lofupikitsa lingachokere ku njere ndi lakuti inde, lingathe, ngati njereyo ndi ya mtengo wofupikitsawo osati ya chipatso cha pamwamba. Koma sudziwa kuti ndi mbande iti kufikira utamezanitsa ndi kudikira zaka. Ukaipeza, uli ndi mtengo umodzi wokha, ndipo tsinde lake lili kale pansi pa Anna. Kuti ukhale ndi ambiri uyenera kubwereranso ku mulu wa utuchi. Ndipo sunadziwebe ngati mbandeyo imatulutsa mizu mosavuta ikakwiriridwa, ngati imagwirizana ndi mitundu ina, ngati imapirira matenda.

Mbiri ya masinde amene timagwiritsa ntchito imasonyeza kutalika kwa ulendowu. M9 mwiniwakeyo anachokera ku njere: ndi mbande yongopezeka ku France mu 1879, yodziwika kuti Jaune de Metz. Masiku amenewo masinde ofupikitsa ankagulitsidwa ndi maina osokonekera, dzina limodzi pa mitengo yosiyana. Malo ofufuzira a East Malling ku Kent, amene anakhazikitsidwa mu 1913, anasonkhanitsa masindewo, ndipo Ronald Hatton anawasanja n'kuwapatsa manambala. Nambala 9 ndi imeneyi. Kenako anayamba kukwatitsa dala. M26 anachokera ku M16 ndi M9 mu 1929, koma anaperekedwa kwa alimi mu 1959. Zaka 30 za kumezanitsa, kuyeza ndi kutaya. M27, wofupikitsa koposa, woti mtengo wake sudutsa kwenikweni mamita awiri, ndi mwana wa M13 ndi M9. Ku Geneva m'chigawo cha New York ku America ntchito yofanana inayamba mu 1968, yofuna masinde opirira matenda owauka a fire blight, ndipo G.41 wawo ndi mwana wa M27 ndi Robusta 5. Onsewa anayamba ngati njere imodzi pakati pa zambirimbiri, ndipo kuchokera tsiku limene anasankhidwa sanafesedwenso. A ku Geneva aja ambiri ndi otetezedwa ndi lamulo, munthu sangangowachulukitsa popanda chilolezo, pamene M9 ndi MM106 alibe choletsa chotere.

Pali mitengo ina ya banja la apozi, monga Malus hupehensis wa ku China, imene njere zake zambiri zimamera zofanana ndi make popanda kusakanizika, ndipo kumeneko amaifesa ngati masinde. Ikanakhala yankho la bamboyo, koma si yofupikitsa ngati M9.

Chimene tinachita ndi masinde a njere otsala

Nditakolola M9 kachiwiri ndinatsala ndi mphukira zambiri zopanda mizu, komanso masinde a njere khumi amene anali asanapite kumunda. Ndinawaphatikiza. Pa tsinde la njere ndinamezanitsa kachidutswa ka M9 kotalika masentimita 20, ndipo chaka chotsatira ndinaika diso la Anna pamwamba pa kachidutswako. Mtengo wotere uli ndi zigawo zitatu: mizu yolimba ya njere, M9 pakati ngati khosi la botolo, ndi Anna pamwamba. Kachidutswa kakatalika, kufupikitsa kumakulanso.

Mitengoyi yatuluka yokulirapo kuposa ya pa M9 yekha, koma yaifupi kwambiri poyerekeza ndi abale ake opanda kachidutswa, ndipo itatha zaka ziwiri inaima yokha popanda mzati. Vuto lake ndi mphukira. Mizu yamphamvu ija, poona kuti njira ya kumtunda yapanikizika, imatulutsa mphukira pansi chaka chilichonse, ndipo munthu ayenera kumazidula. Ntchito ya m'nazale imawonjezekanso ndi chaka chathunthu. Komabe kwa munthu amene ali ndi njere zambiri ndi M9 mmodzi yekha, njira imeneyi ndiyo ndingamulangize, makamaka padothi losauka kapena pamalo amphepo pomwe M9 yekha amavutika. Ndipo mwa njira yokhotayi, njere za m'envelopu zija zinafikadi pansi pa mitengo yaifupi.

Mmene zilili tsopano

Kumunda kwa bamboyo kuli mitengo 29 ya pa M9 yomangiriridwa kumizati, yotalika mamita awiri ndi theka kapena kucheperapo, yambiri ikubereka, kuphatikizapo Dorsett Golden anayi amene ndinawaikamo chifukwa cha mungu. Wa 30 ndi uja anatulutsa mizu yake. Ya zigawo zitatu ilipo 8, iwiri inakana pomezanitsira. Ya pamasinde a njere tinaisiya 6 yokha kumapeto kwa munda kuti izitchinga mphepo, ndipo zipatso zake amathyola ndi adzukulu. Mbande 20 za njere za M9 zili kunazale kwanga, iliyonse ndi nambala yake. Isanu imene ikuoneka yofupikitsa ndayamba kuisiyira mphukira imodzi ya pansi, kuti ngati idzakhalebe yaifupi pofika chaka chachisanu ndidzakhale ndi choyambira mulu.

Pa mbande ziwiri zosamezanitsa zimene zachita maluwa chaka chino, imodzi yagwira zipatso zinayi. Bamboyo azikulunga m'timatumba kuopa mbalame, ndipo andiuza kuti ndisayerekeze kulawa iwo kulibe.